Relay ya pampu pa Porsche 944: ndigule iti ndisanauyambe ulendo wa kumudzi?

FUNSO

Amisiri, ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa nthawi yaitali, lero nanenso zandigwera. Ndimakhala ku Johannesburg. Chaka chatha abwana anga akale, amene ndinawagwirira ntchito zaka 14, posamukira kwa ana awo anandigulitsa motchipa Porsche 944 ya 1987 imene inkangokhala m'galaja mwawo. Ndinkaitsuka Loweruka lililonse, ndiye kunja kwake ndimakudziwa, koma za m'kati ndine mlendo.

M'mawa imalira kamodzin'kamodzi. Koma ndikayenda mphindi 30 kapena 40 dzuwa lili paliwombo, imangothima ngati wina wazimitsa makiyi, osatsokomola n'komwe. Kawiri konse zandichitikira pa maloboti, matakisi akundiimbira mahutala kumbuyo. Stata imazungulira bwinobwino koma injini osagwira. Ndikadikira mphindi 20 imalira ngati sinalakwe kanthu. Ulendo wachiwiriwo mnyamata wina wa zamagetsi anatsegula boneti, n'kugogoda kabokosi kakuda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, galimoto n'kulira pompo. Akuti relay ya pampu ya petulo yatha.

Tsopano ndasokonezeka. Kwa ogulitsa sipeya za Porsche ilipo koma mtengo wake ndi wowawa. Pa intaneti ndapeza ina yofanana nayo ndendende, yotchipa kwambiri, yopanda dzina la wopanga. Wina akuti ndiitanitse yamakono yochokera ku America imene ilibe zoyendayenda m'kati. Kusikilapu kulinso yakale yochotsedwa pa 924. Mnyamata uja akuti zonsezi n'kutaya ndalama, angondiikira relay wamba ya ma ampu 40, kapena angodayirekita pampu n'kundiikira kaswichi pansi pa chiwongolero. Mu December ndikufuna ndipite nayo kwathu ku Mulanje kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, mayi anga akakwereko asanafooke. Ndigule iti?

Wowerenga wanu, Johannesburg

YANKHO

Achimwene, munthu amene watsuka galimoto zaka 14 asanaigule amaidziwa kuposa mmene akudziyesera, ndipo kalata yanu yaonetsa zimenezo. Mwanena kuti imathima ikatentha, imathima osatsokomola, ndipo inalira atagogoda kabokosi. Pa zitatuzi, mnyamata uja ayenera kuti walondola matenda. Koma mankhwala ake musamwe.

Tiyambe ndi kabokosiko. Relay ndi swichi imene imayatsidwa ndi magetsi m'malo mwa chala. M'kati muli waya wopyapyala wokulungidwa kambirimbiri. Moto wochepa ukadutsamo, wayayo amasanduka maginito n'kukoka kachitsulo kamene kamakumanitsa timilomo tiwiri, ndipo moto waukulu wochokera ku batire umadutsa kupita kumene ukufunika. Pansi pake, pambali pa mwendo uliwonse, pamakhala nambala, ndipo a ku Germany anazigwirizanitsa nambalazi pa ndondomeko yotchedwa DIN 72552. Mwendo wa 30 ndi wa moto wa batire umene suthima ngakhale makiyi ali m'thumba. Wa 87 ndi kotulukira moto relay ikagwira. Wa 85 ndi wa 86 ndi ya maginito aja. Mukaloweza zimenezi mudzatha kuwerenga relay ya galimoto zambiri za ku Ulaya.

Yanuyo ndi yosiyana, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Pa 944 imatchedwa DME relay, potengera dzina la kompyuta ya Bosch Motronic imene imayendetsa injini. M'kabokosi kamodzi muli ma relay awiri. Mukatembenuza makiyi, moto umalowa pa 86, relay yoyamba imagwira n'kutumiza moto pa 87 kupita ku kompyuta ndi ku ma injector, timipope timene timafayira petulo mu injini. Yachiwiri, ya pampu, imadikira. Siigwira kufikira kompyuta itaona kuti injini yayamba kuzungulira, ndiyeno kompyutayo imapereka earth (njira yobwerera moto ku batire) pa mwendo wa 85b, moto n'kutuluka pa 87b kupita ku pampu kumbuyo, pafupi ndi thanki. N'chifukwa chake pa galimoto imeneyi simumva pampu ikung'ung'udza mukangoyatsa makiyi monga zimachitikira pa galimoto zambiri za masiku ano. Amakaniko ambiri ozolowera galimoto za ku Japan amatchera khutu, osamva kanthu, n'kugamula kuti pampu yafa, chonsecho ili bwinobwino. N'chifukwa chakenso yanu imathima osatsokomola. Petulo akamachepa injini imayamba yabanika, kugwedezeka, kenako n'kufa. Koma mbali yoyamba ya relay ikataya moto, kompyuta imazima, ndipo zonse zimaima nthawi yomweyo.

Relay wamba ya miyendo inayi kapena isanu ndi imodzi yokha m'kati. Ngakhale italembedwa ma ampu 40 kapena 70, singagwire ntchito ya ziwiri. Nambala ya ma ampu imangonena katundu amene timilomo tingasenze, siinena mmene m'kati mwalumikizidwira. Pampu ngati yanu ikakhala yabwino imadya ma ampu osafika 10, choncho ma ampu si amene akusowa pano. Kuti relay wamba ilowe, mnyamatayo adzayenera kudula mawaya a galimoto, ndipo mawaya a zaka zoposa 35 akangoyamba kudulidwa, mavuto ake satha.

Za kudayirekita pampu ndiyankha ndi nkhani yanga, chifukwa ndinazichitapo ndekha. Ndili mnyamata pa galaja ina, kunabwera galimoto ya masewera imene mwini wake ankafulumira ku ukwati. Relay yoyenera inalibe, ine n'kukoka waya kuchokera ku makiyi mpaka ku pampu, n'kulandira yanga ya sopo, ndikudziona katswiri. Patatha milungu itatu galimotoyo inagundidwa pang'ono kutsogolo, ngozi yoti aliyense anatuluka akuyenda. Injini inathima, koma makiyi anatsala oyatsa, dalaivala mutu utazungulira. Paipi ya petulo inali itang'ambika, pampu n'kumapitiriza kuthira petulo pa injini yotentha ndi pa tala mpaka munthu wina wodutsa anazula waya wa batire. Sinayake, koma si chifukwa cha nzeru zanga. Kudikira kuja kumene relay yachiwiri imachita, osagwira kufikira injini itazungulira ndi kusiya injini ikangoima, anakuika dala pofuna kupewa zimenezi. Kaswichi ka pansi pa chiwongolero kamadalira kuti inu mukumbukire kukazimitsa mutangochita ngozi. Palibe amene amakumbukira.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kaye kuti wolakwa ndi relay. Pa galimoto za 1985 kumapeto kupita m'tsogolo, monga yanuyi, bokosi la mafyuzi lili pansi pa boneti, pakona pafupi ndi galasi la kutsogolo, ndipo pa chivundikiro chake pali chithunzi. DME relay ili pa malo olembedwa G5, fyuzi ya pampu ndi nambala 34. Pa zakale kuposa apo zonsezi zili m'kati, pansi pa dashibodi. Konzani timawaya titatu tatifupi, tonenepa bwino, tolumikizana mbali imodzi, mbali inayo tokhala ndi timapeni tachitsulo tolowa m'mabowo a relay. Ngati mungathe, ikanipo fyuzi pa kawaya kopita ku 30. Tsiku limene idzathimenso, imani pabwino, zulani relay, lowetsani timawaya pa 87 ndi pa 87b, ndipo pomaliza pa 30, popeza pamenepo ndi pa moto. Pampu idzayamba kulira nthawi yomweyo ngakhale makiyi asanayatsidwe. Musanalize injini, nunkhizani ndi kuyang'ana ngati petulo sakudontha. Ikalira galimoto ili chitenthere, ndiye kuti pampu, kompyuta ndi masensa zili bwino, vuto lili pa relay kapena pa chimene chimailamula. Timawayato ndi toyesera ndi tokufikitsani kunyumba basi. Mukafika tizuleni, apo ayi pampu idzachezera usiku wonse n'kumaliza batire.

Ndati "kapena pa chimene chimailamula" chifukwa pali awiri ena amene amabisala kumbuyo kwa relay. Woyamba ndi swichi ya makiyi, mbali yake ya magetsi, imene ikakalamba imataya moto wopita pa 86. Wachiwiri ndi alamu kapena immobiliser. Galimoto zambiri za ku South Africa za zaka zimenezo zinaikidwa zipangizozi pambuyo pake chifukwa cha akuba ndi zofuna za a inshuwalansi, ndipo oika ankakonda kudula waya wa makiyi kapena wa pampu n'kuudutsitsa m'kabokosi kawo. Kabokosi kameneko nakonso kakalamba. Suzumirani pansi pa dashibodi. Mukaona mawaya akuda okhaokha omangidwa ndi tepi yomata, muitane munthu wodziwa awachotse n'kubwezera mawaya mmene analili.

Palinso kachizindikiro kaulere. Pamene stata ikuzungulira injini osagwira, yang'anani muvi wosonyeza liwiro la injini. Ukamanjenjemera pang'ono, ndiye kuti kompyuta ili ndi moto ndipo ikuona injini ikuzungulira, choncho kayikirani mbali ya petulo. Ukangogona osagwedezeka, ndi mbali yoyamba ya relay, kapena masensa awiri amene ali kumbuyo kwa injini pamwamba pa flywheel, chigudumu cholemera chimene stata imazunguza. Masensa amenewo ndi mapulagi awo, amene pulasitiki yake imafumbutuka ndi ukalamba, nawo amadziwa kudwala kukatentha n'kuchira kukazizira. Ndaonapo anthu akugula relay kawiri katatu chonsecho wolakwa ndi sensa. Kwa inu, kugogoda kuja kukuloza relay, koma kugogoda kumagwedezanso mabowo amene relay imakhalamo, ndiye muwaonenso ngati sanachite dzimbiri kapena kukhwepa. Mwendo wa relay ukakhala wakuda kapena pulasitiki ya pambali pake itasungunuka, bowo lake ndi lokhwepa, ndipo relay yatsopano idzapsa chimodzimodzi.

Chimene chimapha ma relay amenewa nthawi zambiri si timilomo ayi, koma mtovu. Kumasulani chivundikiro pang'onopang'ono ndi kampeni, mudzapeza kabolodi kamene ma relay awiri aja anawotchereredwapo. Zaka zonsezi mtovuwo wakhala ukutentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira, uku injini ikuugwedeza, mpaka umang'aluka mozungulira kamwendo. Mng'aluwo ndi wopyapyala ngati tsitsi. Muuone padzuwa ndi galasi lokulitsa zinthu, kapena ujambuleni ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Kukazizira mbali ziwirizo zimakhudzana, moto umadutsa. Kukatentha zimatanuka n'kutalikirana. Mukagogoda zimakhudzananso. Ndi nkhani yonse ya mphindi 20 zimene mumadikira pa maloboti. Ndipo polumikizira pakayamba kufooka pamadzitenthetsa pokha: theka la volti likamatayika pamene pakudutsa ma ampu 8, ndi mawati 4 a kutentha m'kabokosi kochepa ngati ka machesi, ndiye matendawo amadzikulitsa okha.

Tsopano ku msika. Nambala yakale ya chipangizochi ndi 944.615.227.00, ndipo inalowedwa m'malo ndi yoyamba ndi 993.615.227, imene manambala ake awiri omaliza akhala akusintha. Musadabwe kuona 993 pa sipeya ya 944. Relay yomweyo inkaikidwanso pa 924S, 968, 964 ndi 993. Imeneyi ndi imene ndikukuuzani kuti mugule, kwa ogulitsa sipeya za Porsche kapena kwa sitolo yodziwika imene ikupatseni lisiti ndi kulandiranso katundu akavuta. Inde, mtengo ukuwawa. Koma funsani kaye mtengo wokoka galimoto kuchokera pakati pa Nyamapanda ndi Tete kukafika pamene pali munthu woidziwa, ndiye muyerekeze.

Yotchipa yopanda dzina ija ndi chikomekome cha mkuyu. Sindikunena kuti zonse zosachokera ku Porsche ndi zoipa. Alipo makampani ena opanga ma relay abwino, ndipo amalemba dzina lawo, nambala ndi chithunzi cha mmene m'kati mulili pa chivundikiro. Koma wopanga amene wabisa dzina lake wakuuziranitu kuti musadzamufune. Ndatsegulapo zingapo zotere: timilomo tating'ono, mkuwa wopyapyala, mtovu wongodontheza. Zina zimagwira chaka, zina zimafika zitafa kale m'paketi. Choopsa chake n'chakuti mukaika yatsopano galimoto n'kuthimabe, mumaichotsa relay pa mndandanda wa okayikiridwa n'kuyamba kugula pampu, koyilo, ngakhale kompyuta, pamene wakuba ali m'nyumba momwemo.

Ya kusikilapu isiyeni, ndipo pali zifukwa ziwiri. Choyamba, ndi mnzake wa yanuyo pa zaka, mtovu wake watopa mofanana. Chachiwiri ndi chachikulu: mwati yachokera pa 924. Ngati ndi 924S, imene inali ndi injini ya malita 2.5 ya 944, ndi yomweyo. Koma 924 wamba ya malita 2 inalibe Motronic. Inkayendera K-Jetronic, njira yakale yoperekera petulo popanda kompyuta, monga Golf GTI yoyambirira, ndipo relay yake ya pampu ndi mtundu wina kotheratu: ili ndi kabolodi kamene kamamvetsera kugunda kwa koyilo ya mapulagi, kugundako kukasiya imazimitsa pampu. Ntchito yoteteza ndi yomweyo koma njira yake ndi ina, ndipo miyendo yake ndi ina. Pa ma relay a mtundu umenewo ena amadulanso petulo injini ikapyola liwiro, n'chifukwa chake pa Mercedes SL zakale mumapeza relay italembedwa chiwerengero cha masilinda ndi liwiro limene imadulira. Kuika ya masilinda 6 pa injini ya masilinda 8 n'kudziputira matenda atsopano. Ogulitsa pa intaneti amakonda kulemba "924/944" pamodzi ngati ndi galimoto imodzi. Inu muziyang'ana nambala ya sipeya ndi manambala a pa miyendo, osati chithunzi kapena mtundu wa pulasitiki.

Yamakono ya ku America ija ndiyenera kuichitira chilungamo, chifukwa si yachabe. M'malo mwa maginito ndi timilomo muli ma transistor, choncho mulibe chothetheka kapena chogwedezeka, ndipo siitentha kwambiri. Imalowa m'mabowo omwewo popanda kudula waya, ndipo imamverabe kompyuta pa nkhani yozimitsa pampu. Zina zimayendetsa pampu kwa masekondi ochepa mukangoyatsa makiyi kuti petulo adzaze m'mapaipi, galimoto n'kumalira msanga. Amene anaziika ambiri amaziyamikira. Koma ineyo ndili ndi zodandaula ziwiri. Siilira "tha" ikagwira, ndiye makaniko wa pamsewu amene amayesa relay poigwira ndi chala adzakuuzani kuti yafa ili moyo, ndipo ikafadi palibe amene angaitsegule n'kuikonza pansi pa mtengo. Chachiwiri, kuyendetsa pampu musanalize kumabisa matenda ena. Pa pampu pali kavalavu koletsa petulo kubwerera ku thanki; mukazimitsa injini, mphamvu ya petulo m'mapaipi siyenera kutsika pansi pa 1 bar pa geji yoyezera mphamvuyo pakatha mphindi 20. Ikamatsika msanga, kavalavuko katha kapena injector ina ikudontha, ndipo galimoto imavuta kulira ikatentha. Relay yamakono imaphimba chizindikirocho, injector n'kumapitiriza kudonthezera petulo mu oyilo. Ngati ndalama zilipo, ndipo mwawerengera za kutumiza ndi msonkho wa pachipata, iguleni mukabwerako kumudzi, galimoto itayezedwa kale. Pa ulendo uno tengani imene aliyense angaimvetse.

Yakaleyo musaitaye. Pitani nayo kwa okonza mawailesi kapena mafoni, auchotse mtovu wakale pa malo onse akuluakulu n'kuwotcherera watsopano. Ndi ntchito ya mphindi 15. Kenako iikeni pa galimoto muyende nayo mlungu wathunthu kuti mutsimikize kuti yachira, ndiye muichotse, muikulunge m'kansalu pamodzi ndi timawaya titatu tija ndi mafyuzi angapo, muziike m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando. Eni ake a 944 dziko lonse lapansi amayenda ndi relay yapadera monga mmene ena amayendera ndi tayala la sipeya. Fodya wako ndi amene ali pamphuno; relay imene ili m'sitolo ku Johannesburg siidzakuthandizani pa Zobue.

Chinthu china chimene chingaphe relay yanu yatsopano ndi pampu yotopa. Mwati galimotoyi inkangokhala m'galaja. Petulo wokhalitsa amasiya zinyalala, sefa ya m'thanki ndi fyuluta zimatsekeka, pampu imavutika kukankha n'kuyamba kudya moto wambiri, ndipo moto wonsewo umadutsa pa timilomo ta relay. Sinthani fyuluta, simudziwa kuti inasinthidwa liti. Pemphani wa zamagetsi ayeze ma ampu amene pampu ikudya. Ikamayandikira malire a fyuzi yake, kapena ikamalira mokweza ngati njuchi zili m'chitini, masiku ake atha. Pa injini yanuyo ya mavalavu 8, pampu ikamayenda injini ili yozima, geji iyenera kuonetsa pafupifupi 2.5 bar, ndipo pampu yabwino imatulutsa mamililita 850 pa masekondi 30. Kuyeza kumeneku kuchitikire panja, injini itazizira, chozimitsira moto chili pafupi, osuta fodya ali kutali.

Poti mukupita kwathu, kumbukirani kuti petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo wa ku Zimbabwe nayenso ndi wosakaniza. Mapaipi a labala a 1987 sagwirizana naye. Amauma, kung'aluka, n'kuyamba kutuluka thukuta la petulo pafupi ndi injini yotentha. Ngati a pansi pa boneti akadali oyambirira, asintheni ndi opangidwira petulo wa injection musananyamuke. Ndipo ngakhale simunafunse: ngati simukudziwa chaka chimene lamba wa timing anasinthidwa, yambani ndi ameneyo relay isanabwere, chifukwa akaduka pa injini imeneyi mapisitoni amagunda mavalavu, ndiye mayi adzangoiona pa chithunzi. Ku Tete mudutseko m'mawa kusanatenthe, ndipo galimoto yotsika chonchi muziyenda nayo masana okhaokha kuti muziona maenje.

FUNSO

Amisiri, malemu bambo anga anandisiyira BMW 325i ya 1990, ija ya bokosi imene anzathu a ku South Africa amaitcha Gusheshe. Inayamba kuvuta kulira, ndiye mchimwene wanga anagula ma relay awiri atsopano a miyendo isanu n'kusintha ya pampu ndi inzake yoyera imene ili pambali pake. Analowa bwinobwino m'mabowo. Koma kuyambira tsiku limenelo siikulira n'komwe, ndipo batire likumatha usiku umodzi. Kodi tawononga kompyuta?

Wowerenga wanu, Lilongwe

YANKHO

Achemwali, mtima m'malo, ndikukayika ngati kompyuta yavulala. Vuto lili pa mwendo wachisanu, wapakatiwo. Ma relay a miyendo isanu alipo mitundu iwiri imene kunja imaoneka ngati mapasa. Mtundu wofala m'masitolo uli ndi 87 ndi 87a: relay ikakhala chete moto umatulukira pa 87a, ikagwira umachoka pamenepo n'kupita pa 87. Yoyera ya pa BMW yanuyo, imene ndi relay yaikulu ya Motronic, ili ndi miyendo iwiri yotulutsa moto pamodzi, yolembedwa 87 ndi 87, kapena 87 ndi 87b, ndipo yonse imayaka relay ikagwira, n'kuzima ikasiya. Achimwene anu ataika ya 87a, zinthu zinatembenuka: galimoto ikaima usiku mwendo wapakati uli ndi moto, batire n'kumatha, ndipo mukati muilize mwendo womwewo umazima pa nthawi imene ukufunika.

Zulani waya wa batire lero lomwe. Kenako zulani relay yatsopanoyo muone chithunzi cha pambali pake ndi manambala a pansi. Ngati zafufutika, tengani mita yoyezera magetsi muyeze pakati pa 30 ndi mwendo wapakati relay ili m'manja: mita ikalira, ndi ya 87a, si yanu. Ngati yoyera yakale simunataye, ibwezereni kaye, tchajani batire muyese. Pogula ina, nyamulani yakaleyo mukagule ndi nambala imene ili pamenepo.

Ya pampu pa galimoto yanuyi ndi yosavuta, yosiyana ndi ya achimwene a ku Johannesburg aja: ndi relay imodzi, 30, 85, 86 ndi 87, ndipo ya kampani yodziwika ya ma ampu 30 yokhala ndi chithunzi chofanana ndi cha yakale imagwira bwino. Zonse zikabwerera m'malo koma kuvuta kulira kuja kukapitirira, onani fyuzi nambala 11, kenako lumikizani 30 ndi 87 pa mabowo a relay ya pampu ndi kawaya, mukweze mpando wa kumbuyo, mumvetsere ngati pampu ikulira m'thanki.